Mbewu Yobedwa Dzuwa Likuswa Mtengo

Akuba a masiku ano manyazi adasiya kumphero, abale. Kale wakuba ankadikira kuti kude, agalu agone. Koma awa a pa Tsangano adabwera ndi lole dzuwa likuswa mtengo, nkuibweza chafutambuyo mpaka pakhomo la nyumba yosungiramo katundu ya Kopaletivi ya Tadzuka, ndipo amene amasunga makiyi ndiye adathandiza kukweza matumba. Mbewu yonse ya kachewere imene alimi ankadikira kuti akabzale m'madimba idapita Lolemba limenelo, wosunga makiyiyo akutsanzika dalaivala kuti ayende bwino.

Pofika Lachitatu munthu adali kale m'chitokosi. A komiti ya kopaletivi ndiwo adamuperekeza okha ku polisi. Adali Tisungane, kalaliki wawo, mtsikana wophunzira za makompyuta. Galimoto yochokera ku Boma inkabwera m'mawa wa Lachinayi kudzamutenga kuti akaonekere kukhoti.

Sajeni Lufina, amene adapatsidwa mlanduwo, mtima sudamukhale pansi. Adagwira ntchito ya upolisi zaka zambiri ndipo akuba adawaona amitundumitundu, koma wakuba woti waba lole yathunthu nkubwera m'mawa mwake kudzasesa mu ofesi anali asanamuone. Adavala juzi pamwamba pa yunifolomu, poti mphepo ya Juni pa Tsangano simacheza, nkuuyamba wa kunyumba yosungira katundu ija.

Adawapeza a Fanizo, wosunga makiyi, atakhala pa sikelo yoyezera matumba, atagwira tsaya.

"Bwana, ine ndine mkulu wa mpingo," adayamba a Fanizo asanafunsidwe n'komwe. "Chiyambire sindinatengepo ngakhale kambatata kamodzi. Funsani aliyense. Funsani abusa."

"Abusa ndiwafunsa Lamulungu. Inu mungondiuza chimene chinakutsegulitsani chitseko."

A Fanizo adapisa m'thumba nkutulutsa foni yomanga ndi mphira. "Ichi, bwana. Kale munthu akafuna katundu ndinkapalasa njinga kukasaka a msungichuma kuti asaine. Pena ndiwapeza kudimba, pena kumaliro, tsiku nkutha. Mtsikana uja atalumikiza makina ake, miyendo yanga inapuma, sindinama. Foni imangolira, ndikaona kachizindikiro kobiriwira ndiye kuti a msungichuma avomereza, ine nkutsegula. Lolemba inalira. Akuti lole ikubwera kudzatenga mbewu kukagawa kumakalabu a kumunsi. Kobiriwira kanalipo bwinobwino."

"Anthu a pa lolewo munawadziwa?"

"Alendo okhaokha. Mmodzi anandithokoza kuti obrigadu. Ine sindinadabwe, si pano tingowoloka msewu tili kale ku Mozambiki?"

"Anaika kobiriwirako ndani?"

"Kamangobwera kokha, bwana, sikanena dzina. Koma ndikuuzeni, akachotsa makinawa ine ntchito ndisiya. Mawondo anga ndi njinga zinadana."

* * *

A Silvester, wapampando wa kopaletivi, adali munthu woti akayamba kuyankhula umafunika kukhala pansi. Adagwirako ukapitawo m'migodi ya ku Joni, ndipo mpaka lero ankayenda ndi chipewa cha nthenga ngakhale popita kudimba. Adamulandira Lufina pakhonde pawo nkumukhazika pa mpando wandalema.

"Mwana wanga wapolisi, ine ndinanena. Lembani kuti Silvester ananena."

"Munanena chiyani, bambo?"

"Tili ndi mapulogalamu awiri pa kompyuta paja. Onse ngaulere, a aja akuti aliyense wodziwa angathe kuwatsegula m'mimba nkuwasintha mmene afunira. Ina ndi ya maakaunti ndi katundu, ife timaitchula kuti Nkhokwe. Inayo ndi ya gulu, ya mauthenga, kalendala ndi makalata, imafika m'mafoni mwathu tonse a komiti. Imeneyo timati Bwalo. Zinali bwinobwino chilichonse pachokha. Ndiye mtsikanayu akuti tizilumikize, ati ntchito izifulumira, ati aliyense aziona zolowa ndi zotuluka. Ine ndinati, kodi munaona kuti munthu akumanga nkhokwe pakati pa bwalo? Anandiseka achinyamata. Tinagwirizana kuti tingoyesa kaye, ndipo Loweruka likubwerali ndiye timati tigamule, kulumikiza kapena kudula. Basitu, akuba atigamulira."

"Nanga n'chifukwa chiyani mukuloza Tisungane?"

"Kobiriwira kaja amaika ndi msungichuma yekha. Msungichuma wathu, mayi Pauline, akulumbira kuti sanaike. Wotsala ndani? Amene anamanga makinawo. Tinamuuza kuti atsegule kompyuta tione chinachitika, anakana pamaso pathu." Apa mawu a mkuluyo adatsika, chipewa nkuchivula. "Ine zikundiwawa, musaone choncho. Mwana ameneyu ndi wamasiye. Anamulipirira sukulu ndi malemu a Yoramu, msungichuma wathu wakale, mnzanga wa ku mgodi amene tamuika m'manda mvula ili kumapeto. Bola iwo apita osaziona izi."

Lufina adatsanzika. Mawu oti anakana kutsegula ndiwo adamutsatira njira yonse.

* * *

Lufina adamutulutsa Tisungane m'chitokosi nkumukhazika padzuwa kuseri kwa ofesi. Kamtsikanako kadali kochepa thupi, maso atatupa, koma kadakhala mowongoka ngati kali m'kalasi.

"Achemwali, ine si woweruza," adatero Lufina. "Ndiuzeni, kulumikiza kumeneku mudakufuniranji?"

Nkhope ya mtsikanayo idatsitsimuka pang'ono. "Chaka chatha feteleza anafika, alimi anamva patatha mwezi, ena atabzala kale. Amadziwa ndi anthu awiri okha. Ndinkafuna kuti katundu akangolowa mu Nkhokwe, komiti yonse ione pa Bwalo nthawi yomweyo. Chinthu chikamaonedwa ndi anthu ambiri chimavuta kuchibisa."

"Koma chabedwa."

"Chabedwa."

"Makina anuwa amasunga dzina la munthu amene waika kobiriwira?"

Tisungane adazyolika.

"Ndafunsa."

"Amasunga."

"Ndiyetu nkhani yatha! Tiyeni tikatsegule, muone dzinalo, mukagone kwanu lero lomwe."

"Nambala yachinsinsi ndaiwala."

Lufina adaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Inuyo? Munthu womanga makina ndi mutu wanu? Musandiyese mwana. Mawa galimoto ikakutengani, nkhaniyi yachoka m'manja mwanga. Ku Boma akaitana akatswiri awo, koma pofika tsiku limenelo mudzakhala mutaonda pa rimandi, ntchito itapita, dzina litaipa. Mukuziona?"

"Ndikuziona, a Sajeni."

"Ndiye mukubisa ndani?"

Misozi idatsika yokha, mtsikanayo osaipukuta. "Cholakwa ndi changa ndithu. Lembani choncho."

"Mwaba ndinu?"

"Sindinabe. Koma cholakwa ndi changa."

Paja amati fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma Lufina adaona kuti uyu sadali fisi. Chifundo chidamugwira, ndipo chifundocho chidamukwiyitsa, chifukwa munthu wofuna kumupulumutsa ndiye ankakankha dzanja. Adamubweza m'chitokosi nkukafuna njinga yamoto ya kabaza.

* * *

Mayi Pauline adali ndi golosale pamsika, ndipo ankayankhula ngati akuthamangitsidwa, uku akupimira kasitomala mchere.

"Ine Lolemba kunalibe, a Sajeni, ndinatsikira ku Bwanje kukapikula mpunga, ndinanyamuka mbandakucha ndi matola, anthu anandiona, dalaivala anandiona, kutentha kwake kumeneko ndinachita kuvula juzi, ndipo foni inathima tisanafike n'komwe, moto unatha. Ndiike bwanji kobiriwira pa foni yothima? Ine udindowu sindinaufune, anangonditula a Yoramu atamwalira."

"Pali winanso amene angathe kuvomereza katundu?"

"Palibe. Ine ndekha."

"Pa Bwalo lanulo simunaonepo chachilendo? Chilichonse, ngakhale chooneka chopusa."

Mayi Pauline adasiya kupima mchere uja. Adadikira kasitomala atuluke, nkusuzumira panja, kenaka nkumukokera Lufina kuseri kwa matumba a shuga.

"Izi musakanene kuti mwamva kwa ine. Munthu ukatumiza uthenga pa Bwalo, pansi pake pamatuluka mayina a amene awerenga. Ndiye ine ndikatumiza, pamatuluka a Silvester, a Fanizo, onse. Kenaka pamatulukanso a Yoramu."

"Malemu?"

"Eeetu! Thupi lonse limachita tsemwe. Tsiku lina ndinatumiza za msonkhano, oyamba kuwerenga anali iwowo."

"Munauza ndani?"

"Ndiuze ndani? Nditchule dzina la malemu pamsonkhano, manda asanaphwe n'komwe, ndizinena kuti akuwerenga mauthenga? Anthu akanati Pauline wayamba zamizimu, kapena akunyoza anamfedwa. Komanso si ine ndekha ndili ndi maso. A komiti onse amaona, a Silvester amene amaona. Aliyense amangokhala chete, timangoti kaya ndi mmene amachitira makinawo pokumbukira munthu. Tisungane anatiuza kale kuti dzina lawo anatseka."

"Anakuuzani kuti anatseka?"

"Pamsonkhano, tonse tilipo."

Lufina adaluma mlomo. Komiti yathunthu, anthu a ndevu zawo, kuona wakufa akuwerenga mauthenga miyezi yonseyi, onse nkungoti zii chifukwa cha ulemu! Akadakhala kuti sadakulire m'dera lomwelo akadaseka. Koma adadziwa kuti naye akadakhala m'komitimo sakadayamba ndiye kutsegula pakamwa.

"Foni ya malemuyo ili ndi yani?" adafunsa.

* * *

Nyumba ya malemu Yoramu idali kuseri kwa kaphiri, ya njerwa zootcha, malata ake a makedzana ogula ndi thukuta la ku mgodi. Mkazi wawo, mayi Salome, amene anthu ankawaitana ndi mfunda wawo kuti aNangozo, adali pamkeka akusankha nyemba, duku lakuda kumutu. Ataona yunifolomu adaimika manja.

"Za Tisungane?" adafunsa moni asanathe. "Ndamva dzulo. Sindinagone. Mwana amene uja ndinamusambitsa ndi manja angawa."

Lufina adakhala pamkeka pomwepo nkuyamba kuwathandiza kusankha nyembazo. Sadafune kuthamanga.

"Amayi, foni ya bambo ilipo?"

Mayiwo adapukuta manja pachitenje. Kenaka adamasula mfundo ya pachitenje nkutulutsa foni yokulungidwa m'kampango.

"Pogawa katundu abale awo anatenga njinga, wailesi, masuti. Iyi ndinabisa. Bambo anu aja kulemba kumawavuta, zala zinauma ndi ntchito ya pansi pa nthaka, ndiye pa Bwalo lawolo ankangoyankhula, mawu nkumasungika. Muli mawu awo ambirimbiri mmenemu. Akukalipira a Fanizo, akuseka, pena akutsokomola. Tisungane atabwera kudzandiuza kuti komiti yalamula kuti atseke dzina lawo, ndinamugwira miyendo. Ndinati mwana wanga, anthu andilanda zonse, iwe usandilande mawu. Analira nane. Anati, amayi, sinditseka, koma musauze munthu."

Apo Lufina adaona nkhani yonse. Pamene mtsikanayo ankachita chifundo chakecho, dzina la malemu linkangotha kuwerenga ndi kutumiza mauthenga basi. Koma atadzalumikiza Bwalo ndi Nkhokwe, aliyense wolembedwa kuti msungichuma adalandira mphamvu yotsegulitsa chitseko cha katundu, wamoyo ndi wakufa yemwe. Tisungane adaiwala zimenezo, ndipo adadzazikumbukira lole itapita kale. Akadatsegula kompyuta pamaso pa komiti, dzina lotuluka likadakhala la munthu amene adamuphunzitsa sukulu, ndipo apolisi akadabwera kudzanyamula mayi wamasiyeyu.

Adawafotokozera aNangozo pang'onopang'ono, mosawaopseza. Mayiwo adamvetsera, manja ali pamiyendo.

"Ndiye kuti akugona pasimenti chifukwa cha ine?"

"Chifukwa cha amene anagwira foniyi Lolemba. Inuyo mumatha kulemba uthenga?"

"Ine ndimangodziwa podina kuti ayankhule. Anandionetsa ndi Tisungane yemweyo."

"Kuno magetsi kulibe. Mumatchaja kuti?"

Funso limeneli lidawalasa. Lufina adaona maso awo akuthawira kukanyumba ka gowelo kamene kadali pambali, kotseka ndi loko.

"Amakanditchajira kumsika ndi Edson," adatero motsitsa.

"Edson ndi ndani?"

"Mwana wanga. Mmodzi yekhayo amene Mulungu anandisiyira. Anapita ku Joni kutsata mapazi a bambo ake, koma Joni ya lero si ya kale. Anamugwira alibe mapepala, anabwera ndi jumbo yokha m'manja. Chibwerereni amangokhala ngati munthu wozizidwa. Anzake akumanga nyumba, iye akupempha ya sopo kwa amake."

"Lolemba anaitenga?"

Nkhuku idabwera nkuyamba kujompha nyemba m'lichero, aNangozo osaiingitsa. Lufina akadatha kuwapanikiza, njira zake ankazidziwa, koma adangopitiriza kusankha nyemba. Zinthu zina munthu amafunika azinene yekha.

"Anaitenga m'mamawa," adatero potsiriza. "Masiku onse amabwera nayo masana. Tsiku limenelo anabwera dzuwa litapendeka, atanyamula shuga, mafuta ophikira ndi nsalu yatsopano. Anati wapeza ganyu kutsidya, ku Mozambiki. Ine ndinavina, a Sajeni. Ndinavina pabwalo pano, ndinati mwana wanga wayamba kuona mwayi. Nsaluyo ndaisunga kuti ndidzavale pomanga chiliza cha bambo ake."

Adalira tsopano, kulira kwa munthu wamkulu kopanda phokoso. Lufina naye m'maso mudadzaza, ndipo sadachite manyazi.

"Ali kuti panopa?"

"Kutsidya kwa msewu. Koma abwera. Njala ikamupweteka amabwera kwa amake."

"Amayi, ndisakunamizeni. Foni yokhayi siingamutulutse Tisungane. Aliyense anganene kuti anadina ndi iyeyo pa kompyuta, pogwiritsa dzina la malemu. Pakufunika munthu wonena amene anali nayo Lolemba. Ndipo foniyi ndiitenga, ikakhala umboni kukhoti. Lamulo silikukakamizani kuti munene lero. Koma galimoto ikubwera mawa m'mawa."

Mayiwo adaiyang'ana foni ija, nkuyang'ananso gowelo la mwana wawo. Kenaka adadina pamene adaphunzitsidwa. Mudatuluka mawu a mwamuna, okhuthala, oseka: "A Fanizo, mwatsekanso mochedwa? Inu mudzachedwa ndi kumaliro anu omwe!" Adamvetsera mpaka kumapeto, nkuikulunga bwinobwino m'kampango kaja, nkuiika m'manja mwa Lufina ndi manja awiri.

"Dikirani ndivale nsapato," adatero.

* * *

Adafika ku polisi dzuwa likulowa, nkhungu itayamba kutsika m'mapiri. A Silvester adali pa benchi panja, atabwera kudzamva za galimoto ya mawa. Lufina adawauza mwachidule. Mkuluyo adaimirira, nkukhalanso pansi.

"Ndiye ndimanena zoona," adatero, koma mawu ake opanda mphamvu. "Makinawa tidule."

"Zimenezo mukagamula Loweruka, bambo, si za apolisi. Kulumikizako kunatsegula chitseko, n'zoona. Kulumikiza komweko ndiye kwasunga phazi la wakuba. Koma musanadule kapena kusiya, mukafunsane kuti ndani mwa inu sanaone dzina la a Yoramu likuwerenga mauthenga."

A Silvester adayang'ana pansi.

M'kati, aNangozo adakana mpando. Adaima pa kauntala, Lufina nkutenga cholembera.

"Lembani," adatero mayiwo. "Ine Salome, mkazi wa malemu Yoramu. Foni inali ndi mwana wanga Edson, wobala ndekha."

Atatha kudinda chala, Lufina adakaonana ndi mkulu wa pa polisipo, nkubwera ndi makiyi. Tisungane adatuluka atafunda bulangeti, akuphethira. Ataona amene adaima pa kauntala, adawathamangira.

"Amayi! Mwabweranji? Ine sindinanene kanthu, ndikulumbira sindinanene!"

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndanena ndine."

Adagwirana, onse awiri akulira, mpaka wapolisi wachinyamata amene adali pa kauntala adatuluka panja ngati wakumbukira kanthu. Atatonthola, aNangozo adasuzumira m'chitokosi muja. Adaona simenti yopanda kanthu, ndowa pakona, ndi kazenera kopanda galasi kolowetsa mphepo ya m'phiri.

"Usiku mumazizira kwambiri mmenemu?" adafunsa.

Tisungane adafuna kunama, koma adalephera. "Mumazizira, amayi."

Mtsikanayo adavula bulangeti lija, nkulipinda bwinobwino, nkulowanso m'chitokosimo kukaliika pakona yotalikirana ndi zenera.

"A Sajeni," adatero potuluka, "limenelo musalichotse. Achimwene a Edson adzalipeze."